Sitinadye Mbewu

Ndine mkamwini m'mudzi wina kufupi ndi Mkaika, ku Katete. Ndikufuna kunena zimene Mulungu anatichitira m'chaka cha 2024, chifukwa kukhala chete kungakhale kusayamika.

Mu Novembala 2023 ndinabzala chimanga munda wonse. Soya anali atatigwiritsa fuwa lamoto chaka chimenecho, mtengo wake utagwa, ndiye ndinati nyemba ndi mtedza zipume kaye. Bungwe la boma la FRA linkagula thumba la chimanga la makilogalamu 50 pa K280, ndipo mumtima ndinali nditakhoma kale malata panyumba. Pa feteleza wa pulogalamu ya boma ya FISP ndinaonjezerapo wina wogula, nditagulitsa mbuzi ziwiri.

Mvula inadula kumapeto kwa Januwale, chimanga chili pafupi kumasula. Febuluwale yense kumwamba kunali mbee. Masamba anapota ngati a anyezi, kenaka anayamba kuthetheka ukawagwira. Pa 29 Febuluwale tinamva pa wailesi Pulezidenti Hakainde Hichilema akulengeza kuti chilalacho ndi tsoka la dziko lonse, ndipo mahekitala pafupifupi 1 miliyoni a chimanga anali atapserera. Ine ndinatola matumba atatu okha, a maso ofota. Pakhomo tilipo anthu asanu ndi awiri.

Pofika Juni nkhokwe inali mbuu, tikugula chimanga cha pa meda, tsiku lina nsima ya gaga kamodzi madzulo. Apa m'pamene ndinachimwa m'maganizo. Apongozi anga, amayi a mkazi wanga, anali ndi thumba la mtedza wosasenda ndi ngala za chimanga cha makolo zopachika pamwamba pa moto, zakuda ndi mwaye. Mkamwini salankhula ndi apongozi maso ndi maso pa nkhani yotere, choncho ndinatuma mkazi wanga kuti akapemphe tikazingire ana. Yankho linabwera iwo ali kuseri kwa mpanda, akulankhula motsitsa koma kuti ndimve ndithu:

"Kawauzeni atate a ana kuti mbewu sadya. Ngati mikono ili nayo mphamvu, dimba langa lija lili kudambo, lagonera zaka zitatu."

Zinandiwawa, sindibisa. Dimba ndinkaliyesa ntchito ya amayi ndi okalamba. Koma m'mawa mwake ndinanyamula khasu. Madzi anali atathawira pansi, moti chitsime ndinakumba mpaka mutu wanga kubisika. Tinabzala repu, mpiru ndi matimati, tikuthirira ndi ndowa tambala woyamba akangolira, ana akupirikitsa ng'ombe za eni zimene nazo zinkasaka chobiriwira. Usiku wina zinathyola mpanda n'kudya mabedi awiri. Ndinakhala pansi pamenepo n'kulira ngati mwana, mkazi wanga nayamba kutola minga yomangira mpanda wina osanena kanthu.

Kumapeto kwa Ogasiti kunabwera Kulamba. Achewa ochokera ku Malawi, ku Mozambique ndi muno m'Zambia anadzaza Mkaika kudzalamba kwa Kalonga Gawa Undi, ndipo khamu lotere limafuna ndiwo. Ine amene zaka zonse ndinkapitako kukaonera Gule Wamkulu, chaka chimenecho ndinapalasa njinga maulendo anayi ndi madengu a matimati. Amayi ophika m'misasa anagula zonse. Ndalama imeneyo inatigulira chimanga cha miyezi iwiri. Pambuyo pake ndinalembedwa pa Cash for Work, kukonza misewu ya m'midzi masiku khumi pa K600, ndipo tinakoka nayo mpaka mango atayamba. Tinkawaphika osapsa.

Mvula ya dzinja lotsatira itagwa, apongozi anatsitsa ngala zija n'kumasula thumba la mtedza. Anzanga ambiri anali kuyendayenda kufuna mbewu, ena akugwira ganyu m'minda ya eni pomwe yawo ikumera udzu. Ife tinabzala ndi mvula yoyamba, munda nditaugawa patatu: chimanga, mtedza, ndi mbatata m'mphepete. M'chaka cha 2025 dziko lonse linakolola chimanga choposa matani 3.6 miliyoni, ndipo nkhokwe yanga inadzaza mpaka ndinaluka ina. Mwana ngakhale mmodzi sitinataye.

Titatha kukolola ndinasankha ngala zazikulu makumi asanu ndi matumba awiri a mtedza, ndinakazitula pakhomo pa apongozi, n'kunjuta patali ndikuomba m'manja. Anaziyang'ana imodziimodzi, nachotsapo zitatu zofumbwa. Kenaka anaitana mdzukulu wawo wamkulu kuti akwere akazipachike pamwamba pa moto.