Kalata yochokera ku Manchester: bwana amene amamva

Achimwene,

Ndamva kuti akukwezani, tsopano muli ndi anthu anu owayang'anira. Tathokoza. Pepani kuti wamng'ono akulangiza wamkulu, koma ndiloleni ndikuuzeni zomwe maso anga aona kuno.

Ambirife tinabwera dziko la Britain litatsegula khomo kwa osamalira okalamba mu February 2022. Chitupa chathu n'chomangirira kwa wolemba ntchito: ntchito ikatha, amakupatsa masiku 60 oti upeze pena, apo ayi nyamula katundu. Mu March 2024, obwera kumene analetsedwa kubwera ndi banja. Ndiye munthu amagwira shifiti ya maola 12 usiku, kusambitsa nkhalamba ndi kuzitembenuza pabedi, mtima uli kwa ana ake ku Ndirande.

Kumene ndinayambira, bwana ankangoonekera zikalakwika. Tonse tinaphunzira kubisa. Msana ukamawawa, chete. Gogo akakana mankhwala, aliyense kuloza mnzake. Anthu ankadwaladwala, ena kuchoka osatsanzika.

Kumene ndili pano ntchito ndi yomweyo, malipiro sasiyana kwenikweni, koma anthu sagwa ulesi. Mayi amene amatiyang'anira amafika m'mamawa ife ausiku tisanaweruke. Asanatsegule mafayilo amayamba afunsa kuti usiku wayenda bwanji, ndipo amadikira yankho. Gogo wina amene ndinamusamalira nthawi yaitali atamwalira m'manja mwanga, mayiwa anandikhazika pansi, kundithirira tiyi, n'kuimbira mnzanga kuti andigwirire shifiti yotsatira. Mnzathu wina wa ku Zimbabwe atalandira uthenga wa maliro, mayiwa anakhala naye n'kukonzanso ndandanda yonse kuti apite akaike bambo ake.

Musaganize kuti ndi ofewa. Ukachedwa amakudzudzula, koma kumbali, osati pagulu. N'chifukwa chake cholakwika chimawafika msanga chisanakule, ndipo anthu akachepa pa Khirisimasi timadzipereka tokha.

Kuno amakonda kutiyamikira kuti ndife opirira. Koma kupirira kwa munthu mmodzi kumatha, achimwene. Munthu amadzukanso mawa akadziwa kuti akanena zoona sachotsedwa ntchito. Choncho pakati pa anthu anuwo, dziwani amene ali ndi mwana m'chipatala, amene akuvutika ndi fizi, amene wangoti zii masiku ano. Muziwafunsa zisanafike poipa.

Moni kwa alamu ndi ana.

Ine mlongo wanu,
wa ku Manchester