Mwana Wotsalira M'kalasi Si Mbuli

Ndagwira nchito ya uphunzitsi m'boma la Chadiza kwa zaka zoposa 30, m'dziko la Mfumu Mlolo ndi la Mfumu Zingalume, ndipo tsopano ndinapuma. Cimene ndikumbukira koposa ndico ola limodzi la madzulo, sukulu itaweruka, pamene ndinali kutsala ndi ana owerengeka amene anzao anali kuwacha mbuli.

Ambiri a iwo anali abusa a ng'ombe. Kuno kwathu mnyamata amaweta ng'ombe za eni ake zaka zitatu kapena zinai kuti alandire imodzi, ndipo pofika ku sukulu amakhala atasinkhuka kale. Amakhala pakati pa tiana, akalephera kuwerenga tianato timseka, iye nayamba kungokhala duu. Posacedwa wabwerera ku dambo.

Mmodzi wa anyamata otere anabwera kwa ine wosadziwa kulemba dzina lake. Masiku oyamba sitinatsegule buku ai. Ndinamfunsa za ng'ombe zake, ndipo amene sanali kulankhula m'kalasi anandiuza dzina la iriyonse ndi makhalidwe ake. Maina omwewo ndiwo tinayamba kulemba pansi ndi kamtengo, ndipo masamu tinawayamba ndi timiyala toimira ng'ombe. M'kuceza kwathu anandiululira kuti mai ake anamwalira caka comweco, ndipo panalibe amene anakhala naye pansi kumtonthoza. Atatulutsa cisoni cimeneco, mutu wake unatseguka, ndipo caka cisanathe anali kuwerengera agogo ake makalata. Zoonadi kuona maso a nkhono n'kudekha.

Atsikana naonso ali ndi mtolo wao. Kuyambira mu 1997 Boma limalola mtsikana amene anatenga pathupi kubwerera ku sukulu akabereka. Koma lamulo silicotsa manyazi. Atsikana amene ndinawathandiza kupeza zimene zinawapita anafuna coyamba munthu wowalankhula mwaulemu, ndipo pambuyo pake ndi pamene anagwira pensulo.

Ndinakondwera mu 2016 pamene Unduna wa Maphunziro unayamba kuyesa njira ya Catch Up ku Chipata ndi ku Katete. M'njira imeneyi ana a Giredi 3 kufikira Giredi 5 amaikidwa m'magulu monga mwa zimene adziwa, osati monga mwa kalasi lao, ndipo amaphunzira kuwerenga ndi masamu pa ola lapadera. Kucokera mu 2022, pamene malipiro a sukulu anacotsedwa kufikira Giredi 12, makalasi adzaza kwambiri, kotero mphunzitsi mmodzi sangathe kuona nkhope ya mwana aliyense.

Cifukwa cake ndipempha inu makolo anzanga kuti tigawane nchitoyi. Mwana akalephera mayeso, musafulumire kumbwezera ku ng'ombe kapena kumfunira banja. Pitani kwa aphunzitsi ake mukafunse pamene pabvuta. Ngati aphunzitsi amsunga madzulo, mloleni acedwe, ng'ombe azitsekere wina. Ngakhale inu simudziwa kuwerenga, muuzeni akuwerengereni pa khonde dzuwa lisanalowe, ndipo akaphonya musamseke. Koposa zonse, liu lakuti mbuli lisaturuke pakamwa panu, pakuti mwana amakhulupirira zimene kholo lake linena za iye.