Miyezi isanu kunja, malipiro anga nsima ndi bedi

Anzanga a pamsika, ndiyambe n'kuulula. Ine ku Dar es Salaam ndidapitako kasanu ndi kawiri kukaoda zitenje, koma mukadandifunsa kuti Dar ndi wotani ndikadangokuuzani za Kariakoo basi. Umatsika basi maso ali psuu, ndalama wamanga m'kabudula wamkati, uthamange m'mashopu, umange katundu, mawa lake uli kale pa Songwe kuwerengetsa mabelo. Kumeneko tizinena kuti tayenda?

Maganizo adandisintha pa Khirisimasi ya 2018 ku Nkhata Bay. Pa malo ena ogona alendo ndidapeza mtsikana wachizungu, wosavala nsapato, akutsuka matambula pa bala. Ndidamufunsa kuti kwanu kwavuta chiyani kuti mudzagwire ganyu kuno? Iye adaseka. Adati salandira ngakhale tambala: amagwira maola asanu patsiku, masiku asanu pa sabata, eni malo n'kumupatsa pogona ndi chakudya. Adali atatha chaka chathunthu akuyenda choncho.

Adandiuza kuti mchitidwewu ndi wakale. Mu 1971 mayi wina wa ku London, Sue Coppard, yemwe ankagwira ntchito ya ukalaliki, adayambitsa zoti anthu a m'tauni azikathandiza alimi kumapeto a sabata posinthana ndi chakudya ndi malo ogona. Gululo ndi lomwe likutchedwa WWOOF. Kenaka padabwera ena monga HelpX ndi Workaway, omwe amalumikiza alendo ndi eni minda, masukulu ndi malo ogona kudzera pa intaneti. Umalipira kangachepe pachaka, n'kumalemberana ndi mwini malo mpaka mugwirizane.

Ndidati kodi zimenezi n'za azungu okha? Pajatu ife ku Tanzania ndi ku Zambia timalowa ndi pasipoti yokha, popanda viza.

Kunyumba nkhaniyi sidakome. Mchemwali wanga, yemwe ndidamusiyira benchi yanga mu Limbe, adandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Achimwene, mwazungulira mutu? Mukasiye geni kuti mukalimire munthu ulere? Nanga mpambawu ukatha mudzatiuza chiyani?"

Funso lakelo lidali loona. Ndidagawa mpamba pawiri, theka ndidamusiyira, theka ndidasintha. Titangovota pa 21 May 2019, ndidakwera basi ya ku Karonga ndi kachikwama kamodzi.

Malo oyamba adali munda wa banja lina pafupi ndi Tukuyu, m'mapiri a Rungwe, mtunda wochepa chabe kuchokera pa boda. Nthawi zonse ndinkadutsa pamenepa ndili m'tulo. Abale, kumeneko n'kobiriwira ngati ku Mulanje: tiyi, nthochi, mapeyala mbali zonse. Koma kuzizira kwa June, mayo ine! Ndinkagona ndi jekete.

Ntchito inkayamba 7 koloko, kuweruka 12. Kupalira nthochi, kututa manyowa a ng'ombe, kuthira dothi m'machubu. Bambo a pakhomopo adandiphunzitsa kumezanitsa mapeyala a mtundu wa Hass: kudula kanthambi ka mtengo wobereka bwino, kukasongola, kukalowetsa pa kamtengo kochokera ku nthangala, n'kumanga ndi pulasitiki. Makumi awiri oyamba adauma onse. Adangoti yesanso. Madzulo tinkadya nthochi zophika ndi nyama, ana akundiphunzitsa Chiswahili n'kumaseka lilime langa. Sabata zisanu zidatha osatulutsa ndalama, kupatula ya sopo ndi mayunitsi a foni.

Kuchoka apo ndidakwera sitima ya TAZARA pa Mbeya. Njanji imeneyi adamanga ndi thandizo la dziko la China m'zaka za m'ma 1970, ndipo ndi yotalika makilomita 1,860 kuchokera ku Dar es Salaam kukafika ku Kapiri Mposhi. Pakati pa Makambako ndi Mlimba sitima imalowa m'mapanga obooledwa m'mapiri, kutuluka, kulowanso. Pa siteshoni iliyonse amayi amathamangira mawindo ndi malichero a nthochi, mpunga ndi nkhuku yokazinga. Ndidaona anzathu enieni: geni ilibe mtundu.

Ku Zanzibar ndi komwe mtima udandiwawa kawiri.

Koyamba kudali mu Stone Town, pa tchalitchi chachikulu cha Anglican. Tchalitchicho adachimanga pamalo pomwe padali msika wa akapolo, womwe udatsekedwa mu 1873. Ambiri mwa ogulitsidwa pamenepo adachokera kwathu konkuno, kuoloka nyanja pa Nkhotakota kwa Jumbe, kuyenda pansi mpaka ku Kilwa, kenaka m'zombo. M'kati mwa tchalitchi muli mtanda wosemedwa kuchokera ku mtengo wa kwa Chitambo ku Zambia, womwe patsinde pake adakwirira mtima wa David Livingstone. Ine munthu wa pamsika, ndidaima pa msika pomwe katundu adali agogo athu. Sindidajambule chithunzi.

Kachiwiri kudali pa malo ena ogona alendo m'mbali mwa nyanja, komwe tidagwirizana maola asanu a ntchito. Tsiku loyamba lomwe bwana wake adati ndimupatse pasipoti andisungire. Ndidakana mwaulemu, ndidati imagona pa thupi langa. Maola asanu aja adasanduka khumi ndi awiri: kusesa mchenga m'mamawa, kuchapa nsalu za pabedi, kunyamula makreti mpaka pakati pa usiku. Chakudya chidali zotsala za alendo. Kwa eni kudyetsa nthanga dzungu ulifuna, ndidapirira.

Chidandichotsa ndi mnyamata wina yemwe ankakhala pa geti madzulo aliwonse. Nditacheza naye adandiuza kuti ntchito yomwe ndinkagwirayo idali yake, ya malipiro, mpaka bwana atazindikira kuti kuli alendo ogwira ulere. Adali ndi mkazi ndi mwana wakhanda. Tangoganizani munthu atayala tomato pafupi ndi benchi yanu n'kumagawa ulere, inu mungamve bwanji? Tsiku la chisanu ndi chinayi ndidalongedza. Sindidatukwane munthu, pajatu ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Koma masiku otsatirawo ndidalipira ndekha pogona, ndipo thumba lidapepuka zedi.

Masiku a pa chidindo changa asadathe ndidakweranso sitima kulowera ku Zambia. Mu Lusaka ndidamva ngati ndafika kwathu. Pa msika wa Soweto Chinyanja chili ponseponse, kungoti chawo n'chothira Chibemba ndi Chingerezi. Ndidatsikira ku Livingstone, komwe mayi wina wa malo ang'onoang'ono ogona alendo adandilandira. Ameneyu adalemba zonse papepala: maola, masiku opuma, chakudya katatu. Antchito ake a malipiro adalipo onse, ine yanga idali kukonza dimba la ndiwo zamasamba ndi kuphunzitsa alendo kuphika nsima. Kuona mzungu akulimbana ndi mthiko, thukuta lili kamukamu, ndidaseka mpaka nthiti kuwawa.

Mathithi a Mosi-oa-Tunya, omwe azungu amati Victoria Falls, ndi otambalala mamita oposa 1,700 ndipo madzi amagwa mamita oposa 100. Koma 2019 chidali chaka cha chilala, ndipo pofika October mbali yaikulu ya ku Zambia idali thanthwe louma. Ngakhale choncho, mkokomo wa mbali inayo unkamveka m'chifuwa.

Tsono amene mwayamba kale kufunafuna pasipoti, imvani izi. Chidindo cha mlendo si chilolezo cha ntchito, ndipo maiko ambiri ngakhale ntchito yopanda malipiro amaiwerenga ngati ntchito. Ine izi ndidazimva mochedwa, ndili kale m'kati, ndipo ndidangochita mwayi. Funsani ku ofesi ya kazembe wa dzikolo musadanyamuke. Safunsa adadya phula. Werengani masiku omwe akudindirani. Ku South Africa, kuyambira 2014, wopitirira masiku ake amaletsedwa kulowanso kwa chaka chimodzi mpaka zaka zisanu, ndiye geni ya ku Joni yathera pomwepo. Pasipoti musapatse munthu. Tonse tidamva za alongo athu omwe adapita ku Oman atalonjezedwa ntchito zabwino, n'kukalandidwa mapasipoti. Sungani padera ndalama ya basi yobwerera, yosakhudza ngakhale njala ikule bwanji. Ndipo mukafika, funsani kuti ntchitoyo ankagwira ndani inu musadabwere.

Ndidalowa pa Mchinji kumapeto a October, nditaonda, nsapato zitang'ambika, m'thumba muli ya minibasi yokha. Mchemwali wanga benchi adaisunga, koma makasitomala ena adali atasamukira kwa oyandikana nawo. Zidanditengera pafupifupi chaka kuti mpamba ubwerere pomwe udali, makamaka poti mu 2020 matenda a Covid-19 adasokoneza maulendo a pa boda.

Wina afunsa kuti nanga phindu lili pati? Lero ndikalowa mu Kariakoo ndimanenerera ndekha m'Chiswahili, wopanda dobadoba wodya pakati. Kumudzi ku Thyolo kuli mitengo ya mapeyala yomwe ndidamezanitsa ndi manja angawa, ndipo idayamba kubereka. Mchemwali uja ndi amene amagulitsa mapeyalawo, koma mpaka lero akandiona ndikupukuta kachikwama kaja amati, "Achimwene, ulendo uno musiye mpamba wonse."