Bulaki Wokana Goli

M'chaka cha 1968 bambo anga adasankha tinkhunzi tiwiri m'khola mwathu kuti tikakula tizidzakoka ngolo. Tinkakhala kufupi ndi Mitundu, ndipo wolishya ng'ombezo ndinali ine. Tsiku la dibi tidatitengera kwa mlangizi wa ziweto, amene ankafula ndi chitsulo chija cha Burdizzo, chopana mtsempha osang'amba chikopa. Koyambako adakapana mbali zonse ziwiri, basi. Atafika pa kachiwiriko, Bulaki, adapapasa nthawi yaitali, kenako adati, "Bambo, muno muli tchende limodzi lokha. Linalo lidatsalira m'mimba." Adapana lomwe lidalipolo, ife n'kubwerera kumudzi.

Mnzake uja adafatsa monga mfule aliyense. Bulaki ayi. Linunda lidakula, khosi lidanenepa, ndipo madzulo ankafukula dothi uku akukonya. Akangomva fungo la yaikazi yofuna nkhunzi, ankaiwala zoti ali pagoli. Magoli adathyola awiri. Tsiku lina adagwetsera ngolo yodzaza chimanga m'ngalande, mayi anga n'kumatola zitsononkho akulira. Ine ndinkamukwapula ndi chikoti mpaka dzanja kuchita dzanzi, poganiza kuti ndi mwano chabe. Ndikakumbukira zimenezi mtima umandiwawabe.

Chomwe chinkachitika m'thupi mwake ndachimva nditachita imvi. Mdzukulu wanga amene adaphunzira za ziweto ku Bunda adandiuza kuti tchende lotsalira m'mimba silipanga mbewu yabwino chifukwa cha kutentha, koma silileka kuthira mphamvu yachimuna m'magazi. Kulichotsa n'kung'amba mimba, ntchito imene kumudzi kwathu kunalibe woidziwa.

"Agogo," adatero, "masiku ano kuli katemera." Adatchula Bopriva, amene alimi a ku Brazil ndi ku Australia amabaya nkhunzi zawo. Akuti katemerayo amachititsa thupi kulimbana ndi homoni yotchedwa GnRH, imene imachokera mu ubongo n'kulamula machende kugwira ntchito. Lamulo likaduka, machende amazirala, lakunja ndi lobisika lomwe, popanda mpeni kapena magazi. Amabaya kawiri, motalikitsa masabata angapo. Koma mphamvu yake imatha pakapita miyezi, choncho amayenera ng'ombe zonenepetsa zopita kokapha. Yapagoli, yogwira ntchito zaka zambiri, ingafunike kumabwereza. Ngakhale zili choncho, ndidalakalaka katemerayo akadafika m'nthawi yathu.

Bambo adapirira naye Bulaki zaka zitatu. Ankadana nazo zoti azikwera zazikazi, poti akuluakulu ankanena kuti chilema chotere chimayenda m'magazi, ndipo mdzukulu wanga akuti sankanama. Mu 1971 adamugulitsa kwa opha nyama pamsika. Womuperekeza ndinali ine, mbandakucha, chingwe chili m'manja. Njira yonse ndinkayenda kumbuyo kwake, maso ali pa zipsera za chikoti changa pamsana pake, ndipo tsiku limenelo sadavute ngakhale pang'ono.