Kobiri la Agogo

M'mudzi wina munali mkulu amene anasunga makobiri akale m'kachitini. Ena anali a ku England, okhala ndi mutu wa Mfumukazi Victoria kapena wa Mfumu George V. Ena anali obooka pakati, okhala ndi njovu ziwiri, amene anayamba kudindidwa m'chaka cha 1955. Masiku amenewo makobiri 12 ankapanga sheleni imodzi, ndipo 240 ankapanga paundi. Tsono ndalama zimenezi zinaleka ntchito pamene kwacha ndi tambala zinafika m'chaka cha 1971.

Tsiku lina mdzukulu wake wa mkuluyo anatenga kobiri lakuda la chaka cha 1919, naona kamzere kodutsa pa zilembo. Iye anayesa kuti wina analikanda, natapa phulusa ndi mchenga kuti alikweche liwale. Koma agogo ake anamgwira dzanja, nati, "Leka, mdzukulu wanga! Yamba wakhudza kamzereko." Mnyamatayo anakakhudza, nati, "Agogo, kali kotukuka, sikolowa m'kati ayi."

Pamenepo agogo anamlongosolera. Kobiri limapangidwa popanikiza kachidutswa ka mkuwa pakati pa zidindo ziwiri zachitsulo cholimba. Chidindo chikamenya makobiri ambirimbiri chimatopa, nichita mng'alu. Mkuwa umalowa mumng'alumo monga dothi lilowa m'chikombole cha njerwa. Chifukwa chake kamzereko kamatukuka, ndipo makobiri onse odindidwa pambuyo pake ndi chidindo chomwecho amakhala nako pamalo omwewo. Koma mpeni ukakanda kobiri umakumba, ndipo mzere wake umalowa m'kati.

Anamuonetsanso mmene osunga ndalama zakale amaweruzira kobiri. Amaligwira m'mphepete, nayang'ana malo otukuka, pakuti ndiwo amayamba kutha: tsitsi, khutu ndi ndevu za mfumu. Tsitsi likamaoneka bwino lomwe, kobirilo silinayende m'manja ambiri, ndipo mtengo wake ndi waukulu. Mutu ukakhala wosalala, ndiye kuti latha. Kuda kwa mkuwa si litsiro ayi, ndi mtundu umene umadza ndi zaka. Wolikwecha amachotsa mtunduwo, nasiya timizere tambiri, ndipo kobirilo limatsika mtengo osabwereranso.

Mnyamatayo anayang'anitsanso, napeza kachilembo ka H pafupi ndi chaka. Agogo anati chimenecho ndi chizindikiro cha Heaton, nyumba yodindira ndalama ya ku Birmingham, pakuti makobiri ambiri a chaka chimenecho anadindidwa ku London ndipo alibe kachilemboko.

Tsono mnyamatayo anataya phulusa lija, nakulunga kobirilo m'kapepala koyera, nalembapo chaka chake ndi malo a mng'alu. Akadafulumira, akadawononga m'kamphindi chinthu chimene chinasungika zaka zoposa 100. Akulu ananena zoona: kuona maso a nkhono n'kudekha.