Abale, tochi yotchaja yandigwira mtima!

Ine ndinali mmodzi wa anthu aja onena kuti tochi ndi tochi basi. Foni ili kale ndi kanyali kake, ndiye ndalama ndiwonongerenji? Kuno kwathu ku Nkwazi, mumzinda wa Ndola, mdima sitichita kuumva kwa anthu. Mu 2024 chilala chitachepetsa madzi ku damu la magetsi la Kariba, Pulezidenti Hakainde Hichilema n'kulengeza mu February kuti ndi tsoka la dziko lonse, zinthu zinafika poti magetsi ankayaka maola atatu okha pa tsiku. Ndiye munthu adzandiuze za tochi yofuna magetsi omwewo? Ndinaseka chikhakhali.

Amene anabwera nayo ndi alamu anga, atagula pamsika wa Chisokone ku Kitwe. Kanthu kakang'ono, kachitsulo, kokwana m'thumba la malaya. "Alamu, tayatsani muone," anatero akumwetulira. Ndinatuluka panja ndi mtima wonyoza, ndinadina, ndipo mayo ine! Mtengo wa mango wa tsidya lina la msewu unangoti mbee, tsamba lililonse likuoneka, ngakhale kawaya koyanikira zovala. Galu wa aneba maso ali ngwee. Ndinazimitsa, ndinayatsanso, ndinazimitsanso, ana akundiseka. Kanthu kameneka?

Chikayiko sichinathere pomwepo ayi. Ndinati kuwala kotereku ndiye kuti batire itha tisanamalize nsima. Alamu anandiuza kuti ndidinenso kachiwiri, kachitatu, ndipo kuwala kunayamba kutsika. Anzanga, chuma chenicheni chili pa kuwala kotsikako! Ndi kumene umapita nako kuchimbudzi, kutseka geti, kufunafuna patapata pakhonde, kudutsa ngalande pochokera pa siteji ya minibasi. Pamenepo batire imakhala masiku osatchaja, ndipo foni yako, imene kale inkafa pakati pa usiku chifukwa choyisandutsa nyali, imapuma. Kuwala kwamphamvu kuja n'kwa pamene wamva chinthu chikuti tsekeretsekere kuseri kwa nyumba.

Nanga kutchaja? Chingwe chake n'chomwecho cha foni, cha USB. Magetsi akangobwera, bayani. Akapanda kubwera, kasola kakang'ono kamagwira ntchitoyo, ngakhale m'galimoto mukhoza kutchajira. Taonani, ine ndinkaganiza kuti pafunika zida zapadera!

Chinandizunguza mutu kwambiri n'chakuti ukayatsa motsika, galasi lake silitentha n'komwe. Babu yakale ija, ya kawaya kofiira m'kati, mphamvu yake yambiri inkathera pa kutentha, kuwala kunali kotsalira chabe, n'chifukwa chake mabatire ogula aja ankatha msanga, ife n'kumawayanika padzuwa kapena kuwaluma kuti atsitsimuke. Mukukumbuka? Babu ya LED, imene ili m'tochi yotchajayi, siimawononga chotero. Ndipo kuwala koyera kumeneku kunatheka chifukwa cha akatswiri atatu a ku Japan, Isamu Akasaki, Hiroshi Amano ndi Shuji Nakamura, amene anapanga LED ya buluu, napatsidwa mphoto ya Nobel mu 2014. Tangoganizani, nzeru za Nobel zikundiperekeza kuchimbudzi ku Nkwazi!

Koma kumene ndinagonjera kotheratu ndi kumudzi, kwa amalume ku Masaiti. Kumeneko mdima ndi wina, mwezi ukapanda kutuluka dzanja lako lomwe suliona. Amalume usiku uliwonse amazungulira khola la mbuzi ndi nkhokwe asanagone, ndipo koloboyi wawo mphepo ikangoti pang'ono wazima. Ndinawapatsa tochi. Anawalitsa kukhola, timaso ta mbuzi tonse phuliphuli, iwo n'kuwerenga ali chiimire pakhomo. "Mphwanga, imeneyi sibwerera kutauni," anatero. Tikuseka choncho, ndinatembenuzira kuwala panjira ya kuchitsime, ndipo thupi lonse linachita tsemwe: mphiri, itagona phee pakati pa njira! Njoka imeneyi sithawa munthu, imangokhala, ndipo khungu lake limafanana ndi masamba ouma. Ndi kanyali ka foni tikanaiona tili pamwamba pake. Miyendo inanjenjemera mpaka kunyumba.

Tsopano ndasanduka wovuta pamsika, ogulitsa akundidziwa. Choyamba ndimatsegula kumbuyo. Ngati muli batire yochotseka, makamaka ija yotchedwa 18650, ndiye kuti mtima pansi, chifukwa ikadzatopa mudzangogula ina osataya tochi yonse. Koma samalani ndi zolembedwa! Batire ya mtundu umenewu yeniyeni imalekezera cha m'ma 3,500 mAh. Mukaona yalembedwa 9,900, n'kuinyamula n'kupeza kuti ndi yopepuka, ibwezeni mwaulemu. Chimodzimodzi ma lumen, muyeso wa kuwala: pabokosi amalemba manambala oopsa, koma poyenda panjira ndi kuzungulira pakhomo, 100 mpaka 300 akukwanirani. Kwa ine, kuwala kotambasuka kumaposa kuja kolasa patali ngati mkondo, chifukwa chimene chimakuvulaza usiku chili pafupi ndi phazi lako.

Ndiye mvula! Kuno ku Copperbelt ikayamba mu November sichita masewera. Ndinkaopa kuti dontho limodzi lokha tochi yafa. Yanga inalembedwa IPX4, kutanthauza kuti madzi owaza siiwaopa, ndipo ndayenda nayo m'mvula ikuwala bwinobwino, madontho akung'anima patsogolo panga. Kuimiza m'ndowa ayi, si yake imeneyo. Muonenso kuti pobayira chingwe pali kachivindikiro ka labala, poti fumbi la mu October limalowa paliponse. Ndipo musaisiye padenga la malata ikutchaja dzuwa lili phwee, mabatire amenewa sagwirizana ndi kutentha. Sola ikhale padzuwa, tochi pamthunzi.

Ija yoyamba inatsaladi ku Masaiti, ine ndinakagula ina pamsika wa Masala. Inunso pitani, abale, ndipo musachite manyazi: muuzeni wogulitsa aiyatse, adine kuwala konse mukuona, atsegule kumbuyo, muinyamule batireyo m'manja. Ngati muli ndi makolo kumudzi, gulani ziwiri.