Kapulasitiki Kamene Ndinathyola ndi Rula

Amalume anga ali ndi kashopu ka fotokope kuno ku Zomba, ndipo masiku amene ndilibe makalasi ndimaswera komweko kuti ndipezeko ya sopo ndi ya bandulo. Makina aakulu a m'shopumo ndi aja obwera atagwirapo kale ntchito kunja. Kumanzere kwake kuli chibokosi china chachitali choima pa timatayala take, chimene amisiri amachitchula kuti finisher. Mwina munachionapo mu ofesi ina n'kumaganiza kuti ndi mbali chabe ya fotokopeyo. Ayi, ndi makina ena paokha, okhala ndi mamota ake ndi ubongo wake. Ntchito yake ndi kulandira mapepala akatuluka, kuwasanja, kuwamenya mapini, kuwaboola, ndipo chikakhala cha mtundu wapamwamba ngati chathu, kuwapinda pakati n'kutulutsa kabuku.

Tsiku loyamba amalume anandiphunzitsa zonse: kuika mapepala, kusintha tona, kukopa mbali ziwiri, kuwerengera kasitomala. Titafika pa chibokosicho anangoti, "Ichi usamachigwire. Chikavuta, undiimbire." Ndinavomera. Lero ndikuona kuti lamulo limeneli, limene mungalipeze m'maofesi ambiri m'dziko muno, limapha makina kuposa fumbi. Ndikunena izi ngati munthu amene analiphwanya n'kuwononga zinthu, choncho mukhoza kundiseka kaye.

Linali Lachisanu la mu February, mvula ikugwa tsiku ndi tsiku. Amalume anali kumaliro kumudzi, foni yawo isakupezeka. Cha m'ma 4 koloko kunabwera mayi wina ndi pulogalamu ya ukwati wa mwana wawo wamkazi: timabuku 150, kalikonse ka masamba 8, ukwati mawa lake m'mawa. Pa makina athu imeneyo si ntchito yoopsa. Kabuku ka masamba 8 ndi mapepala awiri okha a A4, osindikizidwa mbali zonse, omenyedwa mapini awiri pamsana n'kupindidwa kukhala A5. Ndinawauza kuti adzatenge 6 koloko. Timabuku 40 ndi kanthu tinatuluka bwinobwino, kenaka makina analira n'kuima.

Ndinatsegula chitseko cha finisher. Ndinaona nsonga ya pepala, ndinaikoka, inandidukira m'manja. Chotsalacho chinali mkati, posafika chala. Ndinatenga rula yachitsulo n'kuyamba kutokosa. Pepala linatuluka ndithu, koma lisanatuluke ndinamva kanthu kakuti thyo, kaphokoso kochepa kwambiri, ndipo ndinachita ngati sindinakamve. Nditatseka chitseko, sikirini inapitiriza kunena kuti pepala latsakamira. Kutsegula, kuunika ndi tochi ya foni, kutseka, kuzimitsa, kuyatsa: yankho lomwelo. Choipitsitsa n'chakuti fotokope nayo inakana ntchito, chifukwa mnzakeyo akati muli pepala, iyo imangodikira.

Mayi aja atabwera 6 koloko ndinawapempha kuti adzabwerenso mbandakucha. Tinamaliza cha m'ma 2 koloko usiku ndi mnzanga wa kuhositelo, pa kapulinta kakang'ono, kupinda pamanja, kumenya mapini ndi sitepula yotambasula pamwamba pa katoni n'kumagoneka timiyendo ta pini ndi supuni. M'mawa mayiwo anatenga kabuku kamodzi ka makina ndi kamodzi ka manja athu, n'kuyerekeza. Sanakalipe. Anangoti, "Towongokati tipereka kwa akuchimuna." Bola akanakalipa.

Mmisiri anabwera Lachiwiri kuchokera ku Blantyre, bambo wachikulire wonyamula chikwama chakuda. Amalume analipira minibasi, nkhomaliro ndi ntchito, osawerengera masiku amene makina anagona. Ine ndinkayembekeza kuti ayamba ndi sikuludiraiva. Iwo anayatsa makina n'kutiuza kuti tikhale chete.

Finisher ikayatsidwa imadziyesa yokha. Sitepula yake imayenda pa kanjanji kubwerera pamalo pake poyambira, timipanda tosanja mapepala timasuntha n'kubwerera, thireyi yakunja imakwera kapena kutsika pang'ono kufuna msinkhu wake. Phokoso limene ine ndinkalimva m'mawa uliwonse ngati makina akudziwongola, iwo ankalimva ngati kuitana maina m'kalasi. "Mamota onse ayankha," anatero. "Ndiye vuto si mota. Mphwanga, unalowetsamo chiyani?" Ndinaulula za rula, amalume ali pomwepo.

Zimene anandionetsa pambuyo pake ndi zimene zandichititsa kulemba nkhaniyi. Makinawa saona pepala ngati mmene timaonera ife. M'njira yonse imene pepala limadutsa muli timasensa, ndipo tambiri ndi ta mtundu umodzi: kanthu kakuda kooneka ngati chilembo cha U, mbali imodzi kakutulutsa kuwala kosaoneka ndi maso, mbali ina kakukulandira. Pakati pakepo pamalowa ndi kutuluka kamkono kapulasitiki kokhala ndi kasipuling'i. Pepala likamadutsa limakankha kamkonoko, kuwala kuja kumatsekeka kapena kutseguka, ubongo wa makina n'kudziwa kuti pepala lafika. Likapita, kasipuling'i kamabwezera kamkono pamalo pake. Ubongowo umawerenganso nthawi: pepala likachedwa kufika pa sensa yotsatira, kapena likakhalitsa pa sensa imodzi, umaimitsa zonse n'kulengeza kuti latsakamira. Choncho uthenga wa pa sikirini uja sutanthauza nthawi zonse kuti mkati muli pepala. Umatanthauza kuti sensa ina sikunena zimene imayenera kunena pa nthawiyo. Fumbi la mapepala likadzaza pakati pa U paja, uthenga umabwera. Kachidutswa ka pepala kakapanikiza kamkono, uthenga umabwera. Kwa ife, rula yanga inathyola kamkono kamodzi pomwe kamazungulira, kanapendekeka n'kukhala ngati pepala lili pomwepo mpaka kalekale. Kanthu kosafika chala chaching'ono kutalika kwake.

Kamkono koteroko simungakagule m'sitolo za pa Zomba. Bambowo anatulutsa chitini cha majarini chodzaza ndi timasensa, timagiya ndi timasipuling'i tochotsa m'makina akufa, anafwanthula mpaka anapeza kofanana. Mphindi makumi awiri, ntchito yatha.

Koma sanalekere pamenepo. Anafunsa chimene chinatsakamiritsa pepala poyamba, ndisanabwere ine ndi rula. Anayang'ana pansi pa tebulo, pamene tinkaika marimu otsegula pa simenti, anasolola pepala limodzi n'kundipatsa kuti ndiligwire. Linali lofewa, lozizirira. Pepala limamwa chinyontho cha mumpweya, ndipo amene anakhalapo ku Zomba nyengo ya mvula akudziwa kuti ngakhale thawulo siliuma. Mkati mwa fotokope pepala limadutsa pa fuser, marola otentha amene amasungunula tona kuti imatirire. Pepala lonyowa likadutsa pamenepo siliuma mofanana mbali zonse, limatuluka litapotana, ndipo losindikizidwa mbali ziwiri limadutsapo kawiri. Kenaka limalowa mu finisher, m'mene ntchito yonse imadalira kuti pepala ligone chathyathyathya.

Pomenya pini pakona, pepala lililonse limagwera pa kathireyi kamkati. Timapiko ta labala timalikokera kumbuyo kukagunda pa chotchinga, timipanda tiwiri timalipanikiza m'mbali, chimodzimodzi mmene ife timagogodera mapepala patebulo kuti alingane. Akakwana, sitepula imaluma, lamba kapena marola n'kukankhira mtolowo panja. Popanga kabuku, mapepala amatsikira m'chipinda chakumunsi, amamenyedwa mapini awiri pakati, mtolowo umasunthidwa kuti mzere wa mapiniwo uyang'anizane ndi chitsulo chopyapyala chonga mpeni wosathwa. Chitsulocho chimakankha pakatipo kulowetsa m'marola awiri, marolawo n'kupinda. Pepala lopotana likamatsika, nsonga yake imakodwa pa lomwe lili kale m'menemo, lotsatira n'kubwera kudzaunjikana pamwamba. Ndizo zinachitika Lachisanu lija. Makina analibe vuto. Akanangofuna rimu yatsopano, yosatsegula.

Za mapini anandiuza mwachidule, poona kuti m'dirowa tinali ndi bokosi la mapini wamba. Mapini a finisher sabwera opinda. M'katiriji mwake muli timapepala tachitsulo, mawaya owongoka omatana, ndipo sitepulayo ndi imene imapinda waya mmodzi pa nthawi yomenyayo. Mapini a sitepula ya patebulo sangalowemo, mukawakakamiza mukupha chinthu chodula. Makatiriji ambiri amakhala ndi mapini 5,000, ndipo mafinisher ambiri a mu ofesi amaluma mapepala osapitirira 50 a magalamu 80; a kabuku ndi ochepa kuposa pamenepo, 15 kapena 20. Chikuto cholimba chimadya malo a mapepala angapo. Panchi nayo ili ndi nkhani yake: imaboola mabowo awiri otalikirana mamilimita 80, olingana ndi mafailo athu, ndipo tizidutswa timagwera m'kabokosi. Kabokosiko kakadzaza, panchi imaima. Bambowo anaseka n'kunena kuti anakwerapo minibasi kangapo kupita kukataya zinyalala za m'kabokosi kameneko, n'kulipiritsa.

Apa ndiye anandionetsa chinthu chimene chinali pamaso panga miyezi yonseyi. Mukatsegula chitseko cha finisher, zambiri mkatimo ndi zakuda kapena zotuwa, koma pali timagudumu ndi tizogwirira tobiriwira, pa makina ena tabuluu, tolembedwa manambala. Amene anapanga makinawa anachita dala. Zamtunduzo ndi zanu ogwiritsa ntchito: tsegulani apa, zungulitsani apa, pepala lituluka lokha. Chitseko chikatseguka kaswichi kena kamadula magetsi opita ku mamota kuti zala zanu zisalumidwe. Pepala limene ndinaling'amba lija linali pafupi ndi kagudumu kobiriwira. Ndikanakazungulitsa katatu, mayi aja akanatenga timabuku tawo 6 koloko.

Malamulo ake ndi ochepa. Pepala mumalikoka ndi manja awiri, pang'onopang'ono, kulowera kumene linkapita. Likang'ambika mumalumikiza zidutswa patebulo kuti muone ngati china chatsalira. Chitsulo chilichonse, rula, sizasi, foloko, sichilowa m'menemo. Marola akaterera ndi fumbi mumazula pulagi kukhoma n'kuwapukuta ndi kansalu konyowa pang'ono ndi madzi, mafuta ayi. Ndipo pamene pali sikuluwu, pamenepo ndi pamalire. Sikirini ikaonetsa khodi ya mmisiri, monga zoyamba ndi SC7 pa makina a Ricoh kapena E5 pa makina a Canon, zimene kawirikawiri zimaloza ku finisher, ntchito yanu ndi kuilemba bwinobwino n'kuinena pafoni, kuti munthuyo anyamule chida choyenera asanakwere minibasi.

M'maofesi amene ndalowamo ndimaona anthu a mitundu iwiri. Ena amaopa makina: pepala likatsakamira amamatapo chipepala cholembedwa kuti awonongeka, ntchito n'kuima sabata. Ena amawamenya mbama, kukoka, kutokosa. Kale ndinkaganiza kuti awa ndi anthu osiyana. Tsopano ndikuona kuti onse ndi ana a lamulo limodzi lija la usamachigwire. Mlembi kapena mesenjala amene amakhala ndi makinawo tsiku lonse sanaonetsedwepo kagudumu kobiriwira. Buku la malangizo lili m'dirowa mwa bwana, kapena silinabwere n'komwe chifukwa makinawo ndi a kaunjika. Ndiye tsiku likadzafika loti bwana kulibe ndipo ntchito ikufunika mawa, munthuyo adzatsegula basi. Aliyense amatsegula. Kusiyana kwake ndi kwakuti wina amatsegula akudziwa chozungulitsa, wina ali ndi rula m'manja.

Amalume ali ndi mbali yawo, ndipo sindingaipeputse. Makinawo anagula ndi ngongole, ndipo ine ndemwe ndinawatsimikizira kuti mantha awo anali ndi maziko. Komanso kudziwa sikubereka zipangizo. Bolodi ya finisher ikapsa ndi magetsi othimathimawa, kapena giya likatha mano, ngakhale mutawerenga buku lonse mudzadikirabe chochokera kunja, pa mtengo wa dola, kapena chochokera m'chitini cha majarini. N'chifukwa chake m'maofesi ena mumapeza finisher itachotsedwa, ili pakona, pamwamba pake pali mafailo ndi ketulo. Koma ndimadzifunsa kuti mwa zimene zili pakonazo, ndi zingati zinafa ndi bolodi, ndipo ndi zingati zinafa ndi kamkono ka pulasitiki kamene wina anathyola n'kukhala chete.

Kusukulu kuno timatsutsana kwambiri za Malawi 2063 ndi mafakitale amene tidzamange. Ine ndemwe ndinalembapo ndime zinayi za nkhani imeneyo m'mayeso, ndisakudziwa kuti chibokosi chimene ndinkachiyatsa m'mawa uliwonse chili ndi lamba, mota, sensa ndi ubongo wowerenga nthawi, zomwezo zimene zimayendetsa mzere wa m'fakitale. Ndinafunsa bambo aja ngati kundiphunzitsa sikuwadyera ndalama. Anati maulendo otaya zinyalala ndi amene amawadanitsa ndi makasitomala, chifukwa munthu akaona kuti walipira minibasi pa ntchito ya mphindi ziwiri, ulendo wina saitana, amaitana mphwake wa rula. Anandiyang'ana ponena zimenezo.

Ndalama ya mmisiri amalume anandidula pang'onopang'ono mpaka mwezi wa April. Marimu tsopano amakhala pa shelefu yathabwa, ndipo yotsegula timaikulunga m'pepala lake madzulo. Sabata yatha pepala linatsakamiranso pa timabuku ta kwaya. Ndinatsegula chitseko, ndinazungulitsa kagudumu kobiriwira, pepala linatuluka lathunthu, amalume akuona. Sananene kanthu. Mawa lake kunayamba mtsikana wina wodzathandiza nawo m'shopumo, ndipo ndinawamva akumuuza, ataima pa chibokosi chija, kuti ichi asamachigwire. Ndinadikira kuti apite ku banki.